Njinga Yopanda Zogwirira

Loweruka, mwezi wa Okutobala. Kunja kwatentha, koma ine tsemwe silikundichoka m'thupi.

Lero ndinapita koyamba ku Dwangwa kukaonera amuna anga, bambo a Saidi, akusewera tenisi. Ndinkayesa n'zongotayitsa nthawi. Kuyambira pomwe anaponda bomba ku Mozambique ali msilikali, n'kuduka miyendo, ndine ndakhala ndikuwakankha pa njinga ya olumala mumchenga wa ku Liwaladzi, ngakhale kokavota kuja.

Koma abale inu! Munthu yemweyo amazungulira pabwalo ngati kamvuluvulu, dzanja lina pa tayala, lina likumenya mpira. Mnzawo wa miyendo yonse, kalaliki wa ku esiteti ya nzimbe, mpaka anapempha madzi.

Atamaliza ndinathamanga kuti ndiwakankhe ngati masiku onse. Manja anga anangogwira m'malere. Zogwirira zakumbuyo kulibe! Kani atatsogola m'mawa anakazidulitsa kwa owotcherera, osandiuza n'komwe.

"Zimandilemera, mayi a Saidi," anatero akuseka. "Tiyeni, muziyenda pambali panga."

Ndinayendadi pambali pawo mpaka pa siteji ya basi, ndikuwaona nkhope. Zaka zonsezi ndinkangoona nkhongo. Koma manja angawa, sindikudziwa kuti ndiziwaika pati...