Mpando Wachinayi

Lamlungu, 18 Meyi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndayamba ndi moni, ngakhale sindikudziwa ngati uulandire. Uli bwanji kumeneko? Amuna ako ali bwanji, ndi ntchito yawo yokonza mafoni ija? Chifuwa chija chimakuvutabe kukazizira? Ife kuno tilipo. Bambo ako maso ayamba kuwavuta, ulusi pa singano ndimawalowetsera ndine, koma makina osokera sakuwasiya. Ine ndikusitabe ku kampani yochapa zovala komwe kuja. Bondo limatupa ndikaima nthawi yaitali, koma si nkhani. Mlongo wako anasamuka pa 2 Febuluwale, akukhala pafupi ndi kuntchito kwake, ndiye m'nyumba tatsala awiri ndi wailesi.

Adiresi yako sindikuidziwa. Kalatayi ndimata ndekha, koma pa envulopu alembapo ndi bambo ako ine nditayang'ana kukhoma. Tagwirizana choncho.

Lero zakwana zaka zinayi, miyezi 9 ndi masiku 9 chichokere iwe pakhomo pano. Linali Lamlungu ngati lero, pa 9 Ogasiti. Unali utasiya sukulu ya unamwino kutangotsala miyezi isanu kuti umalize, unati ukukwatiwa ndipo mukusamukira kutali. Sindinakuwe, ukudziwa kuti kukuwa sinditha. Ndinkapinda zovala pabedi, ndipo ndinangonena chapansipansi kuti ukapita ndi mwamunayo uziwerenga kuti amayi ako anamwalira. Iwe unali mwana womvera kuyambira kale. Unandimvera.

Nkhani imene ndakulembera ndi iyi.

Pa 12 Epulo tinakwanitsa zaka 31 tili pabanja. Bambo ako, amene zaka zonsezi sanandigulirepo ngakhale chakumwa panjira, anadzuka n'kundiuza kuti ndivale diresi yobiriwira ija, tikadye chamasana m'tauni. Ndinawafunsa ngati akudwala. Anati ndingovala, mafunso ndiwasiye pabedi pomwepo.

Tinakwera mabasi awiri. Tinatsika pa msewu wa mabanki, moyang'anana ndi sitolo ya nsapato, n'kulowa m'malo odyera a Ataliyana. Sindikufotokozera malowo, ukuwadziwa kuposa ine. Pakhomo ndinapukuta mapazi mpaka bambo ako anachita kundikoka. M'katimo munkanunkhira adyo ndi tchizi. Matebulo ndinawerenga 14, onse a nsalu zoyera. Ndinagwira m'mphepete mwa imodzi. Amene amawasitira amayesetsa, koma mzere wapakati amaupotoza.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti bambo ako sanaime kudikira kuti wina atilozere pokhala. Analunjika pa tebulo la pawindo ngati akupita kuchipinda kwawo.

Kenako anabwera woperekera zakudya, bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi epuloni yakuda. Anawagwira chanza bambo ako n'kuwatchula kuti atelala, nati mwezi uno mwabwereza msanga bwanji, si sabata yatha yomweyi munali pano? Bambo ako anangoyang'ana pepala la zakudya. Woperekerayo sanadikire yankho. Anachotsa mpando umodzi pa tebulo lathu n'kupita nawo kuseri. Pobwera anali atanyamula mpando wina, wautali miyendo, wa kathabwa kutsogolo ndi kalamba komangira. Mpando wa mwana.

Anauika pakati pa ine ndi bambo ako, anaupukuta bwinobwino, n'kuikapo kasupuni kapulasitiki. Ndiye ananditembenukira akumwetulira, nati ndiye awa ndi agogo aakazi a kamtsikana kaja, mwawabweretsa tsopano, mphumi yake ndi yomweyi. Anafunsa ngati mwanayo akubwera pambuyo ndi amayi ake, ndipo ngati ayambiretu kumudulira supageti ting'onoting'ono monga mwa nthawi zonse.

Mwana wanga, ndi mmene ndinadziwira kuti ndili ndi mdzukulu.

Sindinalire pamenepo. Ndinangoika manja pansi pa tebulo. Woperekerayo anayang'ana ine, anayang'ana bambo ako, kumwetulira kuja kunathawa. Anapepesa katatu, nagwira mpandowo kuti auchotse. Ndinamupempha kuti ausiye.

Anatibweretsera supageti wa tomato. Bambo ako anatenga foloko n'kuyamba kupota pa supuni mwaluso, osadonthetsa n'kamodzi komwe, munthu amene kunyumba amataya tiyi pa malaya. Ine supagetiyo ankandithawa pa foloko ngati wamoyo. Ndinadya kanayi kokha. Nthawi yonseyo ndinkayang'ana kalamba ka pampando paja. Kanali ndi timabala ta mano. Ndikudziwa kuti pampandopo pamakhala ana ambiri, koma ine ndinaganiza kuti ndi mano ake.

Titafika kunyumba ndinatsitsa sutikesi ija ndimasungamo makalendala akale. Ukudziwa kuti ndimalemba chilichonse. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndinapeza ndinalemba kuti, bambo kukagula nsalu. Kuyambira Epulo wa zaka ziwiri zapitazo kufika pa 5 Epulo chaka chino, ka 25. Ndipo nsaluzo ankabwera nazodi, mamita awiri kapena atatu, kuti ndisafunse.

Koma ndinkadziwa kuti pali china. Wochapa samunamiza. Kangapo malaya awo ankabwera ndi dontho lofiira paphewa, la tomato wosakaniza ndi mafuta, lija limafuna sopo wa mbale lisanalowe m'madzi. Chaka chathunthu ndinkachapa ndili chete, ndikuganiza kuti bambo ako apeza mkazi m'tauni. Ndinkadzifunsa kuti ndi mkazi wanji wodya mosasamala chonchi, wopukutira manja paphewa pa munthu. Sindinaganize kuti ndi wa zala zing'onozing'ono.

Usawakwiyire bambo ako. Akuti unawalumbiritsa kuti asandiuze kanthu, ndipo iwo akuti lumbirolo sanaliswe, pakamwa pawo sipanatuluke mawu, wanena ndi mpando. Ndinawafunsa ngati anachita dala kunditengera kumeneko. Anayamba kufunafuna magalasi amene anali pamphuno pawo. Dzina la mwana akukana kundiuza, tsiku lake lobadwa akukananso. Chimene ndinawafinya n'chimodzi chokha, chakuti ntchito yako imakubweretsa mumzinda muno kamodzi pamwezi, ndipo mumasinthasintha, mwezi wina kwa Ataliyana chifukwa mwana amakonda supageti, mwezi wina kowotcha nyama chifukwa cha iwe.

Tsopano ndikuuze chimene ndinachita, chimene ngakhale bambo ako sakuchidziwa.

Ndinawerengera kuti ngati pa 5 Epulo munali kwa Ataliyana, pa 3 Meyi mudzakhala kowotcha nyama. Ndinasinthana tsiku ndi mnzanga wa kuntchito. Bambo ako atatuluka kukagula nsalu zawo zija, ndinadikira mphindi khumi n'kukwera basi yotsatira. Malowo sanandivute kupeza, ali misewu iwiri kumunsi kwa Ataliyana, a magalasi aakulu ndi chithunzi cha mutu wa ng'ombe pamwamba pa khomo. Ndinakhala kumeneko kuyambira 12:20 mpaka 1:45, poyamba nditaima kutsidya kwa msewu, kuseri kwa mtengo wa magetsi.

Ndinakuona, mwana wanga. Wameta tsitsi, ndipo zakukhala. Wayamba kuvala magalasi ngati bambo ako. Wanenepako pang'ono, ndinathokoza Mulungu. Umasekabe utagwira pakamwa.

Anakubweretserani nyama pa matabwa, ndi mipeni ikuluikulu ya zigwiriro zakuda. Pamenepo ndinalimba mtima, ndinawoloka msewu n'kudutsa pafupi ndi galasi nditaphimba nkhope ndi ambulera. Bambo ako anali atadula nyama yawo, m'kati muli mofiira, ikuchucha. Bambo ako omwewa, amene zaka 31 akhala akundibwezera nyama pamoto n'kumati yatsala ndi moyo. Ankadya akugwedeza mutu. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaseka.

Ndipo ndinamuona iye. Anavala kadiresi kachikasu, kosokedwa ndi bambo ako, kolala yake ndinaizindikira. Ndiye kuti amasoka ine ndili kuntchito. Agogo ake ankamudulira tinyama, iye n'kumatola. Ankatola ndi dzanja lamanzere. Anatenga supuni ndi lamanzere, anakoka kapu ndi lamanzere. Ndinaima kumapeto kwa galasi kudikira kuti ndione ngati umusinthe dzanja. Sunamusinthe. Unangosuntha kapuyo n'kuiika kumanzere kwake kuti asavutike.

Apo ndi pamene ndinalira, pamsewu, anthu akudutsa.

Sindikudziwa ngati ukukumbukira. Uli kalasi yoyamba aphunzitsi anandiitana kuti mwana wanu akulemba ndi dzanja lolakwika. Ndinachita manyazi. Ndinkakuveka sokosi kudzanja lamanzere n'kumanga ndi kachingwe, pakudya ndi polemba, kuyambira pa 20 Januwale mpaka pa 18 Epulo. Masiku oyamba unkalira. Kenako unasiya kulira, unayamba kutambasula wekha dzanjalo kuti ndikuveke. Ine ndinauza anzanga kuti mwana wanga ndi womvera. Sindinkadziwa kuti ndikukuphunzitsa kuti ukamva kuwawa uzikhala chete pamaso panga.

Mutatsala pang'ono kunyamuka mwanayo anatsika pampando n'kubwera pa galasi. Anaika chikhatho chake chamafuta pamenepo n'kumayang'ana magalimoto. Ine ndinathawira m'sitolo ya mankhwala yoyandikana ndi malowo. Mutapita ndinabwerera. Chidindo cha dzanja chinali chikadalipo, anali asanapukute. Ndinaika langa kunja kwa galasi. Dzanja lake lonse, ndi zala zomwe, linakwana m'chikhatho changa. Mlonda anandifunsa ngati ndikufuna tebulo. Ndinati ayi, ndimadikira anthu, koma apita.

Ndinalakwa, mwana wanga. Sindikunena za sokosi yokha. Mawu a pa 9 Ogasiti aja ndinawanena kuti uchite mantha ubwerere, monga unkabwererera nthawi zonse. Mlungu woyamba ndinkasiya chitseko chosakhoma. Kenako manyazi anandigwira, ndipo chaka chikamatha manyaziwo ankakula. Ku ukwati wako sindinabwere, koma tsikulo ndinalilemba, pa 5 Disembala, ndipo diresi yobiriwira ija ndinaisita m'mawa mwake n'kuibwezera m'kabati. Za unamwino sindidzazitchulanso. Bambo ako anaphonyetsa tsiku lina kuti amuna ako ndi amene amasambitsa mwana iwe ukachedwa kuntchito. Ndinamuweruza munthu ndisanamupatse ngakhale madzi akumwa. Uwauze kuti ndanena choncho.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Ukakana zonse sindidzakudandaula.

Choyamba ndi chaching'ono. Kope langa lakuda lija ndimalembamo masiku obadwa a onse a m'banja lilipobe. Pansi pa dzina lako ndajambula mzere ndi rula, koma ndilibe cholembapo. Ngati dzina sukufuna kundipatsa, ndipatse tsiku lokha. Ulembe pa kapepala upatse bambo ako. Ndikufuna ndizidziwa tsiku loyenera kumupempherera mwapadera, m'malo momangoganizira kuti kaya ali ndi zaka ziwiri ndi theka, kaya zitatu.

Chachiwiri ndi ichi. Mwa kuwerengera kwanga, pa 7 Juni mudzakhala kwa Ataliyana. Tebulo la pawindo lili ndi mipando inayi. Ndinafunsa bambo ako mmene wa ndevu zoyera uja amachitira mukafika, akuti amachotsa iwiri n'kubweretsa wa mwana, ndiye mumakhala atatu. Ine tsikulo ndidzakhala pa benchi yodikirira basi, kutsogolo kwa sitolo ya nsapato, kuyambira 12 koloko. Pamenepo tebulolo limaoneka lonse, ndinayesa kale Lachinayi lapitali poweruka.

Sukufunika kutuluka, sukufunika kundikodola, ngakhale kundiyang'ana. Ngati mtima wako walola, ungomuuza bamboyo kuti achotse mpando umodzi wokha, wina ausiye. Ndikadzaona mpando wachinayi uli pomwepo, ndidzawoloka. Ndikadzaona wanyamula yonse iwiri, ndidzakwera basi ya 12:40 n'kubwerera kunyumba, ndipo sindidzakutsatiraninso. Mwanayo sadzadziwa kuti panali munthu pa benchi.

Usaope kuti ndikakuchititsa manyazi. Ndinagula paketi ya supageti, ndayeserera kasanu ndi kamodzi. Bambo ako amaseka, akuti ndimapota ngati ndikudzaza ulusi pa bobini, koma Lachisanu anavomera kuti sindinadonthetse. Za nsalu ya patebulo yopotoka mzere ija sindikanena kanthu. Ndipo ukadzandilola kukhala, undikhazike kumanja kwa mwanayo, kuti dzanja lake lamanzere lisasowe malo.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa makolo awo, amene sindinawaonepo. Mwanayo umupsompsone pamphumi pomwe akuti tikufananapo, ngakhale usamuuze kuti zachokera kwa ndani. Mlongo wako akanadziwa kuti ndikulemba akanapereka moni, ndiye ulandire. Mulungu akusungeni nonse atatu, akuyendetse bwino pamsewu pa 7 Juni, kaya mpandowo utsala kaya ayi. Uzivala juzi m'basi chifukwa cha chifuwa chija.

Kwatsala masiku 20.

Ndine amayi ako,
ndikadali moyo.