Ndime 6 pa Fomu ya Tenti

LACHISANU

Doris 14:02
asisi, fomu yobwereketsa matenti munandilembera ija, ndime 6 imatanthauza chani kwenikweni?

Chawezi 14:20
"wobwereka akalephera, mboni idzalowa m'malo mwake." guarantor basi. tenti ikang'ambika iye osaoneka, mumagwira mboni. kwa loya kuno timalemba choncho daily

Doris 14:21
lolemba kunabwera madala ena, a Kaliati, a kuseri kwa phiri la Michesi. anachita kuwanyamula pa njinga, owonda ngati ndodo. tenti ndi mipando 60, ya maliro, loweruka

Chawezi 14:22
maliro kubukitsa lolemba?? 😂 a ndani

Doris 14:22
akuti a iwo eni

Doris 14:23
ndime 6 anati ndiwawerengere katatu. kenako anadinda chala. mayi anawabweretsawo anakana kukhala mboni, cholembera chomwe osachikhudza, manja kumbuyo

Chawezi 14:25
ndiye munapereka opanda mboni?

Doris 14:25
bambo a kwathu anasaina. mumawadziwa a Redson, kasitomala samubweza

Chawezi 14:31
zili bho. pepala ndi pepala asisi

LOWERUKA

Redson 08:47
mayi a Ida tafika. nseu woipa koma pikapu yakwera

Redson 08:58
manda akumba kale. azimayi akhala pansi phee. palibe akulira

Doris 08:59
a Kaliati amwalira liti?

Redson 09:06
🎤 0:19

Doris 09:07
asisi mvetserani pls. akuti madala aja akutsitsa okha mipando, isanu isanu paphewa

Chawezi 09:09
munthu anabwera pa njinga uja?

Redson 09:15
andipatsa mpando wa kutsogolo. akuti ndisagwire ntchito, ndapuma. anthu aulemu bwanji

Redson 09:16
kalipentala wandifunsa kutalika kwanga kkkk

Doris 09:16
nyamukani. tenti isiyeni

Doris 09:17
Redson

Redson 09:24
mutu ukulemera pang'ono. ndikhale kaye

Doris 09:24
📞 sanayankhe

Doris 09:26
📞 sanayankhe

Doris 09:27
asisi ndikuopa ine. fomuyi ndiing'ambe?

Chawezi 09:29
ng'ambani. ndimatanthauza katundu ine, katundu basi! mwina BP, muwauze amwe madzi

Doris 09:31
ndang'amba

Chawezi 09:31
ndi kope yomwe?

Doris 09:33
kope anatenga a Kaliati. munati kasitomala azitenga yake

Chawezi 09:34
pezani kabaza. ndikupeza pa boma

Doris 09:52
bambo a Ida yankhani chonde. ngakhale kadontho

Doris 10:15
📞 sanayankhe

Chawezi 10:40
akulemba! onani, typing

Redson 10:44
Mayi, ndine Kaliati. Mwana wanga ndi amene akundilembera. Tenti yanu ndi yabwino, yatikwanira tonse. Musadandaule za katundu, Lolemba ndibweretsa ndekha, palibe mpando uthyoke. Ine pangano ndimasunga.

Doris 10:44
mpatseni foni mwamuna wanga

Doris 10:45
MPATSENI

Redson 10:51
Mufulumire mayi, dzuwa likukwera. Anthu sangayambe kulira namfedwa asanafike.