Sikelo ya Masana ku Kabwata

Ba Sisi okondedwa,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno tili bwino, chifuwa cha amayi chatha.

Lachiwiri lapitali akukiliniki anaitana ife azimayi apamsika kuti tikonze nawo ndondomeko ya chaka chamawa. Ndinapita kukangoona, poti sindinamvepo boma likufunsa nzeru kwa wogulitsa ndiwo za repu.

Mkulu wina wa zaumoyo anafunsa chifukwa chimene sitibweretsera ana kusikelo. Ndinaimirira n'kuyankha.

"Bwana, sikelo mumatseka teni koloko, ife tikadali m'tauni kooda ndiwo."

Anayang'ana anesi, kenako analemba. Sanadikirenso chaka chamawa, tsopano sikelo iliponso masana, ndipo dzulo mwana wanu Tiyanjane analandira katemera amene ndinamuphonyetsa kawiri.

Kodi kumeneko akukiliniki amakufunsani maganizo? Mundiuze. Ife zaka zonsezi ankatiyesa osasamala ana, chikhalirecho palibe anatifunsapo.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Misozi