Kukhoti Ndinaima Ndekha

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi akazi anu ndi ana. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tadzuka, ngati kudzuka kokhako ndiye moyo.

Mlandu wa nyumba uja watha, ndipo ndagonja. Ndikulemba kalatayi ndili m'kachipinda ka kuseri kwa mnzanga wa kutchalitchi, zovala zathu zili m'matumba.

Mukukumbukira kuti bambo a ana atamwalira, akulu awo anayamba kunena kuti nyumbayo ndi ya mtundu wawo, ine ndinangobwera ndi sutikesi. Inu nomwe munandiuza kuti ndipite ku bungwe lothandiza osauka pa milandu mwaulere. Ndinapitadi. Ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya matayala, makwerero onse fungo la mphira lokhalokha.

Kumeneko ndinapeza loya wachizimayi, wamfupi, amene anthu a pabenchi ankamutcha Mafulumira chifukwa ankayenda ngati wasiya mphika pamoto. Anandimvetsera mpaka misozi inauma. Anati mlanduwo unali woonekeratu, ndisatuluke m'nyumbamo ngakhale andiopseze bwanji. Ulendo woyamba kukhoti anawapanikiza alamu ndi mafunso mpaka anayamba chibwibwi. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Tsiku lobwerera kukhoti litayandikira ndinapita kukamuona. Ndinapeza tebulo lake lili mbee, mabenchi atawaunjika pakona. Mlembi wa pakhomo anandinong'oneza kuti opereka thandizo asintha maganizo. Chaka chino salipiranso maloya, akufuna ntchito yophunzitsa anthu za ufulu wawo. Mafulumira ntchito inamuthera, analowa ku kampani ina kutali. Nditamuimbira foni anapepesa kuti bwana wake watsopano sangamulole. Iyeyo sindimuda. Nayenso ali ndi ana.

Ndinafunsa mkulu wa bungwelo kuti nanga ine ndilowere kuti. Anandikhazika pa mpando wofewa, nati ndisadandaule, kuli maphunziro a amayi amasiye ku hotela ndipo ndaitanidwa. Ndinapita, achimwene, poganiza kuti mwina kukapezeka loya wina.

Anatigawira malaya olembedwa kuti "Dziwani Ufulu Wanu", madzi a m'botolo ndi cholembera. Mphunzitsi wovala tayi anatiuza kuti mkazi wamasiye sayenera kulandidwa katundu, tonse tinaomba m'manja. Ine ndinaimika dzanja. Ndinati zimenezo ndikuzidziwa kale, koma kukhoti akandiyankhulira ndani? Anati limenelo ndi funso labwino kwambiri, nalilemba pa chipepala cha pakhoma. Kenako anatitulutsa panja kukajambulitsa. Anati timwetulire, chithunzicho chikupita kwa opereka thandizo. Ndinamwetulira ngati chitsiru.

Kukhoti ndinaima ndekha. Loya wa alamu anatulutsa mapepala amene sindinawaonepo, akuyankhula mawu a malamulo amene sindinatolepo kanthu. Woweruza anandifunsa ngati ndikutsutsa. Ufulu wanga ndinkaudziwa bwino lomwe, koma sindinadziwe poyambira. Chigamulo chinakomera alamu.

Alamu sanachedwe, anabwera ndi maloko atsopano. Makina anga osokera anatsekeredwa momwemo, akuti ndi katundu wa malemu. Madiresi a anthu amene ndinali ndisanamalize kusoka alinso momwemo, eni ake akundisaka pamsika. Mtsikana wanga wamkulu sakupita kusukulu, akuti anzake akumufunsa kuti akugona kuti.

Achimwene, inu ntchito yanu ndi yolembera mabungwe ngati amenewa makalata opempha thandizo, ndipo mumati zikuyenda. Mukadzaona nkhope yanga ikuseka m'malipoti awowo, musadzanyade kuti mlongo wanu anathandizidwa.

Akuti ndikhoza kuchita apilo nthawi isanathe. Mwa anzanu onse mumadya nawo m'misonkhano aja, ndipezereniko loya mmodzi yekha woti akaime pambali panga. Zikakanika, mutenge mtsikanayu akakhale kwanu, asamaone mayi ake akupempha pogona khomo ndi khomo. Koma chonde, zoti ndili ndi ufulu musandiuzenso.

Mupereke moni kwa akazi anu ndi ana onse. Azakhali musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu wamng'ono.