Mabo a baba sagawidwa

Loweruka

Amidu, 09:14
sis amjomba, alongo a amayi aja, akuti chitini cha mabo a baba sichikuoneka. pogawa katundu dzulo anapeza bawo lokha

Mwanamvua, 09:31
chili kwa ine

Amidu, 09:32
nde osanena bwanji? anthu asaka nyumba yonse

Mwanamvua, 09:33
sanandifunse. amafunsana amuna okhaokha

Amidu, 09:35
anagwirizana kuti ana anayife tigawane, 16 aliyense. anga upatse driver wa bus ya lachiwiri, andipatsira kuno ku Durban

Mwanamvua, 09:36
ayi achimwene

Mwanamvua, 09:36
bawo limafuna 64. mukachotsapo kamodzi basi lafa. mukufuna baba tiwaike m'manda kawiri?

Amidu, 10:05
[voice note 0:48, yochokera kwa amjomba Ahmad]

Mwanamvua, 10:09
ndamva. akuti mkazi ndi bawo wapi ndi wapi. muwafunse amene ankawadya pakhonde la telala ku msika, mpaka ankathawira ku mzikiti nthawi ya swala isanakwane. ndinali std 6

Amidu, 10:10
ulemu pliz, ndi akulu aja

Mwanamvua, 10:14
ulemu ndili nawo, mabo sindipereka. zaka 30 baba akutolera kamodzikamodzi. oyera aja anawapatsa anzawo ogwira ntchito mu Ilala ku Monkey Bay. kabuluu anagula tsiku lomwe ndinabadwa. kobiriwira kobenthuka munameza inu muli ndi zaka zinayi

Mwanamvua, 10:15
amayi masiku awiri akukulondolani ndi kamtengo. baba anangokatsuka ndi sopo nkukabwezera mchitini

Amidu, 10:15
kkkkk iwe usandiyalutse

Amidu, 10:41
ok 16 yo isiye. ndipatseko kamodzi kokha. maliro sindinawaone, arobaini, sadaka ya masiku 40 ija, yandipita. ndilibe chilichonse chawo kuno, olo chisoti

Mwanamvua, 10:43
zaka 7 osabwera achimwene. mwezi womaliza manja a baba amanjenjemera, ndimawasewerera ndine pa mkeka. galimoto ikaima pa msewu amati taona ngati ndi Amidu

Amidu, 10:44
[missed call]

Amidu, 10:44
[missed call]

Mwanamvua, 10:50
sindiyankha, ndingalire. ndakukwiyirani, wallahi. mabo sadutsa pa border. mukuwafuna bwerani ku Mangochi

Amidu, 11:26
ukudziwa mapepala anga anatha. ndikatuluka sandilolanso kulowa. ana ndiwasiyire ndani kuno?

Amidu, 13:02
sis

Amidu, 17:20
Mwanamvua

Lamulungu

Mwanamvua, 08:47
amjomba anabwera mmawa pa kabaza. akuti ndikapanda kupereka chitini, bawo sindiliona. ndawauza atenge, ndi thabwa chabe. tiyi ndawapatsa

Amidu, 08:49
eish. atiyesa ana opanda mwambo

Mwanamvua, 08:49
anene. pakamwa mpawo

Mwanamvua, 09:30
[chithunzi]

Amidu, 09:31
chani ichi?

Mwanamvua, 09:33
maenje 32, ndakumba ndekha pansi pa mango ndi supuni. mabo onse 64 alowa, awiriawiri. mbali ya ku mpanda ndi yanu

Amidu, 09:34
ndisewera bwanji ndili kuno

Mwanamvua, 09:35
muzinena dzenje, ine ndizikuyenderani nkutumiza pic. kamodzi sindikupatsani. ndakupatsani 32, koma akhala pompano

Amidu, 09:36
ndinaiwala sis. kuno sitisewera

Mwanamvua, 09:36
zanu izo. yambani ndinu, ndinu wamkulu

Mwanamvua, 09:58
ndikudikira. nkhuku zayamba kupalasa mbali yanu

Amidu, 10:21
[voice note 0:03]

Mwanamvua, 10:22
simunalankhule kanthu, ndangomva mphuno

Amidu, 10:30
mzere wakutsogolo, dzenje lachitatu kuchokera kumanzere. upite kumanja

Amidu, 10:30
ndipo usabere