Dzina la Ireni Lisachoke

Kasinje, Lolemba

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma mwana wathu Ireni wakhala akulira sabata yonse. Apongozi akuti dzina mudamupatsa lija lamukana, ndiye tilisinthe.

Ine mtima udali m'mwamba. Kuchipatala adati ndi m'mimba chabe, komabe pobwerera ndidadzera kwa akatekisi kukafunsa tanthauzo la dzinali. Iwo adaseka. "Bambo a Ireni, musaope. Limeneli lidachokera kwa Agiriki akalekale, limatanthauza mtendere."

Agirikiwo sindikuwadziwa, koma mtenderewo ndi umene tikuusowa m'nyumba muno. Ndawauza apongozi kuti dzina silichoka. Akwiya, ndipo mayi a Ireni akusowa kolowera.

Chonde muwaimbire foni, inu amakumverani. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yohane