Penti ya geti pa bampala

Bambo a Luntha,

Ndathamangira ku Ching'ambo kukathandiza zophika za ukwati wa mchemwali wanu Deborah. Izi muwerenge mutakhala pansi.

Mutapita kuntchito ndinatenga galimoto kukagula nkhuku ku Chibavi. Pobwerera m'mbuyo inaterereka m'matope, bampala n'kukhula geti la mayi wogulitsa nkhukuyo. Penti yobiriwira inatsalira mzere wautali pa galimoto yoyera, yomwe mawa ikunyamula mchemwali wanu kupita kutchalitchi. Anthu anaunjikana, wina n'kumati, "Mama, apa ndi kwa opopera penti basi, ukwati muiwale."

Ine ndinangopalapo ndi chikhadabo, n'kuona kuti penti ya geti yangomata pamwamba, yathu sinasupuke. Nditafika kuno ndatsuka ndi sopo, ndapakapo mankhwala otsukira mano, n'kumapukuta mozunguliza ndi kansalu konyowa mpaka mkono kuwawa. Zonse zachoka. A Sekani oyandikana nafewa, amene amandiseka poyamba, anachita kuvala magalasi, kenako anangoti, "Mwachita bwino chomene."

Pepani pa zinthu ziwiri. Mankhwala otsukira mano atha, mukagule ena. Komanso kansalu kaja ndazindikira mochedwa kuti ndi vesiti yanu yatsopano.

Mukapuma mupake polishi bampala yonse kuti iwale, maluwa tidzamangirira mawa m'mamawa.

Mbali yomwe ndinakhulitsa sindikuuzani. Fufuzani nokha. Mukaipeza, kiyi wa galimoto sindidzamukhudzanso. Mukalephera, mawa woyendetsa mkwatibwi ndine, inu mukhale kumbuyo muzigwirizira keke.

Ndine wanu,
Wezi